Kodi ku Mangochi kuno kuli chigayo chakale choti ana asukulu akachione?

Mphunzitsi wa pa Boma

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ya kuno ku Mangochi, ndipo chaka ndi chaka timayenda ndi ana kukaona malo a mbiri yakale. Malo ake ndi omwe aja amene aliyense amawadziwa: nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Guendolen imene ili pafupi nayo, chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, kenaka nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum. Malowa ndi ofunika ndithu, koma ambiri mwa iwo amakamba za atsamunda, nkhondo ndi sitima, moti mwana amabwerera kwawo akuganiza kuti mbiri ndi nkhani ya azungu ndi mifuti, ndipo kuti nsima imene adye madzulo ake ilibe mbiri iliyonse.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town ananditumizira kanema wa chigayo cha Josephine Mill ku Newlands, m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, chimene Jacob Letterstedt wa ku Sweden anamanga mu 1840. Chili ndi gudumu lalikulu lachitsulo loyenda ndi madzi, ndipo gudumulo limazunguza miyala yoperera tirigu. Anandiuzanso za chigayo choyendera mphepo cha Mostert's Mill, cha mu 1796, chimene chinapsa ndi moto wolusa wochokera kuphiri mu Epulo 2021 koma anthu a kumeneko anachikonzanso. Chimene chinandikhudza n'chakuti anthuwo amaona chigayo ngati chinthu choyenera kusungidwa ndi kuonetsedwa kwa ana.

Funso langa ndi ili: kodi m'boma lathu lino munakhalapo chigayo choyendera madzi kapena cha miyala, mwina pa mishoni kapena m'minda ikuluikulu ya fodya ya ku Namwera, chimene chikadalipo ngakhale ndi mabwinja okha? Ngati kulibe, ndingawaonetse chiyani ana kuti amvetse mmene makolo athu ankasandutsira chimanga kukhala ufa? Ndingakondwenso kumva kwa amene anaonapo chigayo chakale chotere chikugaya chimanga, pakuti cha mu kanema wa mlamu wangayo n'cha tirigu.

Namwino wa ku Malindi, panopa ku Virginia

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso labwinoli. Ine ndiyankhe mbali yomalizayo, popeza ndinakaona chigayo cha George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America, chimene chili makilomita oposa 4 kuchokera kunyumba yake ya Mount Vernon kuno ku Virginia. Choyambiriracho chinamangidwa mu 1770 ndi 1771, chinadzagumuka patapita zaka, ndipo chimene alendo amaona masiku ano chinamangidwanso pamalo omwewo mu 1933. Madzi ankawapatutsa mumtsinje waung'ono wa Dogue Run n'kuwayendetsa m'ngalande mpaka kukagwera pa gudumu lamatabwa la mamita pafupifupi 5, limene lili m'kati mwa nyumbayo. Madzi akadzaza timabokosi ta m'mphepete mwa gudumulo, kulemera kwake kumalikokera pansi, gudumulo limazungulira pang'onopang'ono, ndipo magiya a mano amitengo amachulukitsa liwirolo lisanafike pamwala.

Miyala yake imakhala iwiriiwiri. Wapansi suyenda, wapamwamba ndi umene umazungulira, ndipo chimene sindinkachiganizira n'chakuti miyalayi siyenera kukhudzana. Pakati pake pamasiyidwa kampata kakang'ono kwambiri kamene wogayitsa amakachepetsa kapena kukakulitsa malinga ndi ufa umene akufuna, ndipo miyala ikakhudzana imanunkha kupsa, ufa n'kuwonongeka. Pankhope ya mwala uliwonse anasemapo tingalande tochokera pakati kupita m'mphepete. Chimanga chimalowera pabowo la pakati, tingalandeto timachidula ndi kuchikankhira kunja, n'kutuluka chili ufa. Pamwamba pali kathireyi kamene kamagwedezeka ndi kulira kuti gwagwagwa pamene kakugwetsa chimanga pang'onopang'ono, ndipo bambo amene ankationetsayo ankatapa ufa wotuluka n'kuufikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, monga amachitira amayi athu pachigayo asanavomere kuti ufa wasalala.

Washington anali ndi miyala ya mitundu iwiri: yochokera ku France yoperera tirigu wogulitsa kunja, ndi ina yogayira chimanga. Anthu oyandikana naye akabwera ndi chimanga chawo sankalipira ndalama, koma mwini chigayo ankatapa gawo limodzi mwa magawo 8. Mu 1791 anaikamo makina opangidwa ndi Oliver Evans, okhala ndi malamba a timakapu tonyamula mbewu ndi ufa kuchoka pansi kupita pamwamba popanda munthu kusenza. Komabe ana athu ayenera kumva kuti ufa wambiri wa chimanga wa pachigayochi unali chakudya cha akapolo, amene pofika mu 1799 analipo oposa 300 pamalopo, ndipo ena mwa iwo ndi amene ankagwira ntchito m'chigayomo. Kwa ife a ku Mangochi, kumene njira za malonda a akapolo zinkadutsa, nkhani imeneyi si yachilendo.

Ufa wake ndinagulako n'kuyesa kuphika nsima. Unali wamiseremisere ndipo unkakoma ngati mgaiwa, chifukwa chimanga chimalowa pamwala chosakonola. Anzathu kuno amauphika phala lolimba kapena chigumu, ndipo zimene ife timachita zokonola, kuviika ndi kuyanika pa ufa wa pachigayochi sazichita n'komwe.

Abiti wa ku Namwera

Aphunzitsi, ine ndine mayi wachikulire ndipo mawu awa akundilembera mdzukulu wanga, koma maganizo ndi anga. Zimene anena anamwino pomaliza paja ndi pamene pagona nkhani. Inu mukufunafuna nyumba ya gudumu, koma ngakhale mutaipeza, mwala umenewo sungakupatseni ufa woyera umene anthu a kuno amaukonda. Luso lathu silinali m'nyumba kapena m'makina, linali m'manja mwa amayi ndi m'ndondomeko ya ntchito imene inkatenga masiku angapo.

Mwala woperera nafenso tinali nawo, ndiwo mphero ndi mwanamphero wake. Mayi ankagwada, n'kuika mphero mopendekera kutsogolo, lichero kapena kamphasa pansi pake, n'kumakankha mwanamphero ndi manja onse awiri thupi lonse likuthandizira, uku akuwaza mbewu pang'onopang'ono. Koma mphero inali ya mbewu zazing'ono, mawere, mapira ndi mchewere, zimene makolo ankadya chimanga chisanafale, ndipo mpaka lero ena timaperapo chimera cha thobwa. Chimanga ndi mlendo amene anachokera ku America n'kulowera kugombe la nyanja yamchere ndi amalonda, ndipo maso ake ndi aakulu ndi olimba moti chinapeza malo ake mumtondo. Mdzukuluyu akuti m'buku limene David Livingstone ndi m'bale wake Charles anatulutsa mu 1865 lonena za maulendo awo a pa Zambezi ndi Shire muli chithunzi cha mayi akupera pamphero, choncho mukhoza kuwaonetsa ana chithunzicho kenaka mwala weniweniwo. Kuno kumapiri mukayenda ndi munthu wodziwa malo, mupeza matanthwe okhala ndi maenje osalala pamene anthu akale ankaperera, ndipo m'makomo ambiri mphero yangosanduka pokhala kapena ponolera zikwanje.

Ndondomeko ya ufa woyera inali motere. Chimanga chotongola timachithira mumtondo, n'kuwazamo timadzi kuti khungu lifewe, kenaka kukonola ndi munsi. Akakhala awiri kapena atatu pamtondo umodzi amaponya minsi mosinthana, ndipo wophonya nthawi amagunditsa munsi wa mnzake, chimanga n'kumwazika. Tikakonola timapeta ndi lichero kuti madeya achoke, n'kupatula misere, kutsale mphale yoyera. Mphaleyo timaiviika mumtsuko masiku awiri kapena atatu, nthawi yozizira mpaka anayi, kufikira itafewa ndi kuyamba kafungo kowawasa. Tikaivuula timaitsuka, n'kuiyanika pang'ono pamphasa kuti madzi adonthe, kenaka kutibula mumtondo, kusefa, zotsala kuzibwezeranso mumtondo, mpaka zonse zitatha. Ufawo umayanikidwanso padzuwa, mwana atakhala pambali ndi kamtengo kothamangitsira nkhuku ndi mbuzi. Mwamuna wobwera kudzangosamba m'manja sankadziwa kuti mtanda umene akutemawo unayamba kukonzedwa masiku anayi apitawo.

N'chifukwa chake amayi ankakana chimanga china chahaibulidi cha masiku oyamba. Alangizi ankati ndife osamva, koma chimanga chija chinali chofewa, mumtondo chinkangophwanyika n'kupita ndi madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza msanga. Chamakolo n'cholimba, chimatuluka mphale yambiri. Akatswiri ofufuza za ulimi a ku Chitedze anadzamvetsa zimenezi, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zokonoka bwino zimene anthu anazilandira. Muwauze ana kuti mtondo unasintha maganizo a anthu ophunzira.

Koma chonde musakawauze kuti moyo wa pamtondo unali wokoma. Tinkadzuka tambala woyamba, m'manja munali zikang'a, msana ndi chifuwa zinkapweteka, mwana ali kumbuyo akugwedezeka nawo. Nyimbo za pamtondo zimene anthu amazitama masiku ano zinali zochepetsa ululu, ndiponso inali njira yoti mayi anene za mwamuna waulesi, za mkazi mnzake kapena za apongozi ovuta, mudzi wonse n'kumva popanda womuimba mlandu. Chigayo chitafika pafupi palibe mayi amene analira. Tinkasenza dengu mtunda wautali mokondwa, chifukwa ntchito ya tsiku lathunthu inkatha pa kanthawi kochepa.

Mwini chigayo wa ku Mpondasi

Aphunzitsi, amayi a ku Namwera anena zoona, ndipo ine ndiwonjezere za mbali ya zitsulo, pakuti ntchito ya chigayo ndinaiphunzira kwa malume anga ndili mnyamata. M'zaka zonse zimene ndayenda kukonza zigayo kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chilipa sindinakumane ndi choyendera madzi, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukangoima pamlatho wa Bakili Muluzi. Gudumu lotere limafuna madzi ogwa kuchokera pamwamba kapena othamanga, pamene Shire kuchokera potulukira m'nyanja, kudutsa m'nyanja ya Malombe mpaka ku Liwonde, amayenda pamalo osalala moti bwato limapalasidwa mbali zonse popanda vuto. Mathithi amayambira kumunsi, cha ku Matope. Timitsinje ta m'mapiri tili ndi potsetsereka, koma tambiri timaphwa kapena kuchepa m'chilimwe, nthawi yomwe anthu akolola ndipo akufuna kugayitsa. Komanso pamene makina ogayira ankafala m'midzi yathu, injini za dizilo zinali zitabwera kale, choncho ife tinachoka pamtondo n'kufikira pachigayo cha nyundo osadutsa pamwala woyendetsedwa ndi gudumu.

Ngakhale zili choncho, mukhoza kuwauza ana mosanama kuti chigayo changa chimayenda ndi madzi a Shire. Madzi amene amadutsa pansi pa mlatho uja ndi omwewo amene amakazunguza makina opangira magetsi ku Nkula, kumene siteshoni yoyamba inayamba kugwira ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira, magetsiwo n'kubwerera kuno m'mawaya kudzayendetsa mota. Gudumu lathu lilipo, kungoti lili kutali. Namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale 2022, ife a zigayo tinali m'gulu la oyamba kumva kuwawa kwake, ndowa zitandandalika pakhomo kuyambira m'mawa, amayi akudikira mpaka usiku kuti magetsi ayake.

Chigayo chathu sichipera ngati mwala, chimamenya. M'kati mwa ng'oma yachitsulo muli shafiti yokhala ndi tizitsulo tolendewera timene timati nyundo, tozungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa miniti imodzi. Chimanga chikalowa chimamenyedwa mpaka chitasanduka ufa wotha kudutsa m'timabowo ta sefa, kenaka fani imauuzira m'paipi kupita m'fanelo yaikulu ija, mphepo n'kutulukira pamwamba, ufa n'kugwera m'ndowa kudzera m'kansalu. Kusalala kwa ufa kumadalira sefa imene mwaika ndi kuthwa kwa nyundo, ndipo nyundo zikatha mbali imodzi timazitembenuza. Mdani wathu wamkulu ndi msomali, mwala kapena ndalama yachitsulo yobisala m'chimanga, chifukwa ikalowa imang'amba sefa ndipo ufa wa munthu umatuluka ndi misere. Wogayitsa wodziwa ntchito amamva ndi khutu kuti mwalowa chinthu, ndipo amadziwanso kuti mphale yonyowa kwambiri imatseka sefa. Mudzaona kuti mayi aliyense, chimanga chake chikatha, amamenya kansalu kaja ndi dzanja ndi kugogoda paipi ndi kamtengo kuti ufa wake usatsalire wotsatira. Chokonolera, chimene ambiri amati shela, ndi makina ena apadera amene analanda ntchito yoyamba ya mtondo, ndipo pamenepo pamabuka nkhani ya madeya: ena amatenga kukadyetsa nkhuku ndi mbuzi, ena amasiya kuti mtengo utsike, ndipo chaka cha njala palibe amene amasiya ngakhale dzanja limodzi.

Ngati mukufuna chinthu chakale choti chisungidwe, ndi injini za dizilo za Lister zopangidwa ku Dursley ku England, zimene zinkayendetsa zigayo zambiri magetsi asanafike m'midzi. Zinkalizidwa ndi handulo, anyamata awiri akupukusa mpaka thukuta kamukamu, ndipo zikalira mudzi wonse unkadziwa kuti lero chigayo chatsegulidwa. Zambiri zapita kwa ogula zitsulo zakutha amene amayeza pa sikelo, osafunsa kuti chitsulocho chinadyetsa midzi ingati. Ya malume anga ndinaikaniza, ili kuseri kwa chigayo ndipo ikadali yoti n'kulira ikapatsidwa mafuta. Bwerani nawo anawo adzaione. Zidzathandizanso kuchotsa mantha, pakuti ena a iwo anakula akumva kuti m'chigayo mumakhala zizimba, pamene muli mota, malamba ndi ngongole ya magetsi basi.

Mphunzitsi wa pa Boma

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Maganizo anga tsopano ndi akuti ulendowu ukhale wa mbali ziwiri, poyamba kumudzi kukaona mphero ndi mtondo zikugwira ntchito, kenaka ku Mpondasi kukaona injini ya Lister ndi chigayo cha magetsi, ndipo kanema wa ku Cape Town ndi zimene afotokoza anamwino tidzazionera m'kalasi poyerekeza. Ndapezanso kuti Hugh Tracey, amene anayambitsa malo osungirako nyimbo za mu Africa otchedwa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo za m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo za pamtondo, ndipo ndiyesetsa kuti ana amveko. Chimene ndikufuna kudziwa kwa anamwino n'chakuti ndidzayankhe bwanji mwana akadzafunsa kuti pakati pa ufa woyera ndi mgaiwa wabwino ndi uti, chifukwa funso limeneli silingalephere kubwera.

Namwino wa ku Malindi, panopa ku Virginia

Mudzawauze kuti pokonola timachotsa khungu ndi kamtima ka chimanga, mmene muli mafuta, mavitamini ndi zina zofunika m'thupi, ndipo kuviika kumachotsanso zina, choncho mgaiwa ndi umene uli ndi chakudya chambiri, makamaka paphala la ana. Ufa woyera uli ndi ubwino wake, pakuti popeza mafuta achoka umasungika nthawi yaitali osawawa. Vuto lalikulu limabwera munthu akamadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira, chifukwa amatha kudwala pelagra, matenda obwera posowa vitamini ya niacin, amene amadetsa ndi kusenda khungu pamalo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'manja. Matendawa anavuta kwambiri pakati pa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno mu 1989 ndi 1990, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika kaye m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimathandiza thupi kupeza vitaminiyo, koma luso limeneli silinabwere limodzi ndi mbewuyo. Ife a kunyanja chimatiteteza ndi usipa, utaka, nyemba ndi nsinjiro.

Abiti wa ku Namwera

Aphunzitsi, mukafuna kubwera kuno muuze mdzukulu wangayu sabata isanakwane, kuti ndiviikiretu mphale ina anawo adzapeze yofewa, apo ayi adzangoona kukonola kokha. Mubwere mu Juni kapena Julaye chimanga chitauma, ndipo mudzere kaye kwa amfumu monga mwa mwambo. Mtondo ndili nawo umodzi wa mlombwa, wachiwiri ndibwereka, ndipo minsi ikwana inayi. Anyamata asadzaime pambali kujambula ndi mafoni atsikana akusinja, aliyense adzagwire munsi. Chimanga mubwere nacho chanu, ndowa imodzi ya chamakolo ndi ina ya chahaibulidi chofewa, kuti adzayeze okha mphale yotuluka m'ndowa iliyonse.

Mwini chigayo wa ku Mpondasi

Kwa ine mubwere m'mawa pakati pa sabata, osati Loweruka kapena kumapeto kwa mwezi pamene anthu amachuluka, ndipo osatinso Lachisanu masana chifukwa timatseka kupita ku mzikiti. Anawo azidzalowa asanu asanu, atsikana amange bwino mipango ndi zitenje kuti zisakodwe m'lamba, ndipo amene ali ndi chifuwa cha mphumu adzaonere pakhomo chifukwa cha fumbi la ufa. Dizilo wolizira injini yakaleyo malita 2 akwana, ndipo mphale imene mudzachoke nayo ku Namwera mudzabwere nayo kuti theka tidzagaye kuno, ayerekeze ndi ufa wotibula mumtondo.